Diresi lakale amalidziwira mkati

Lachisanu m'mawa, pansi pa mlatho wa msewu wa Westway mumzinda wa London, kunkazizira moti munthu akapuma zinkaoneka ngati akusuta. Pamwamba magalimoto ankalindima. Pansi, ogulitsa a pamsika wa Portobello anali atakoleka kale katundu wawo: majasi, zipewa, nsapato, ndi mzere wautali wa madiresi okwekwereza pansi.

Mayi wina waimvi anaima pa diresi lobiriwira ngati masamba a mpiru.

Sanaliyerekeze pathupi. Sanafunse mtengo. Analitembenuza, mkati kukhala kunja.

Anayendetsa chala m'misoko yonse. Anagwira zipi, yomwe inali yachitsulo, yosokedwa m'nthiti osati kumsana. Anayang'anitsitsa mpendero wam'munsi, womwe unapindidwa ndi singano yapamanja. Kenako anakweza nsaluyo kuloza kuwala kuti aone ngati njenjete zinabowolamo. Pomaliza ananunkhiza m'khwapa.

Apo m'pamene anatsegula chikwama.

Ndinazungulira pamsikapo mpaka masana, ndipo aliyense wodziwa malondawa ankachita chimodzimodzi. Alendo ankachita chidwi ndi kunyezimira kwa kunja. Eni ntchito ankathamangira mkati.

Zovala zoterezi amazitcha vintage. Amalonda ambiri amati chovala chimayenera dzinali chikakwanitsa zaka 20, ndipo chikafika zaka 100 chimalowa m'gulu la zinthu zamakedzana. Pa zonsezi, zomwe zimakokera anthu ndalama zambiri ndi madiresi a usiku, aja ovala kumaphwando a mafumu, kumadansi ndi kumiyambo yopereka mphoto.

Masiku ano madiresiwa ali pakamwa pa anthu. Chinakolezera moto ndi zomwe zinachitika usiku umodzi ku New York.

Mphindi zochepa pamasitepe

Pa 2 May 2022, mayi wotchuka Kim Kardashian anakwera masitepe a Metropolitan Museum of Art, paphwando la Met Gala, atavala diresi lomwe silinasokedwere iye.

Mwini wake anali katswiri wa mafilimu Marilyn Monroe. Analivala pa 19 May 1962 ku Madison Square Garden, pomwe anaimbira pulezidenti John F. Kennedy nyimbo ya tsiku lobadwa. Analikonza ndi Jean Louis, potsatira chithunzi chojambulidwa ndi mnyamata wina dzina lake Bob Mackie. Nsalu yake ndi yopyapyala kwambiri, yofanana ndi khungu la mwini wake, ndipo inasokereredwa pamanja timiyala tonyezimira topitirira 2,500. Miyezi itatu isanathe, Monroe anamwalira.

Mu 1999 diresilo linagulidwa pa okushoni ya Christie's pamtengo woposa madola 1.2 miliyoni. Mu 2016 kampani ya Ripley's Believe It or Not! inaligula madola 4.8 miliyoni.

Kardashian ananena yekha kuti anadzichepetsa makilogalamu pafupifupi 7 m'masabata atatu kuti limukwane. Ngakhale zinali choncho, zipi sinatsekeke mpaka pamwamba, ndipo anabisa kumbuyoko ndi chofunda choyera chaubweya. Anangokhala nalo mphindi zochepa. Atafika pamwamba pa masitepe anavula n'kuvala lina losokedwa mofanana.

Mphindi zimenezo zinabala mkangano wa miyezi.

Patapita milungu ingapo, pa intaneti panafalikira zithunzi zoonetsa nsalu itakokeka kumsana ndi timiyala tina titasowa. A Ripley's anakana kuti diresilo linawonongeka usiku umenewo, nati zilemazo zinalembedwa kale mu lipoti la 2017. Bob Mackie, yemwe tsopano ndi gogo, anati kubwereketsa diresilo kunali kulakwitsa kwakukulu. Komiti yoona za zovala m'bungwe la nyumba zosungiramo zinthu zakale padziko lonse la ICOM inatulutsa chikalata chotsindika kuti zovala za mbiri zisamavalidwe ndi wina aliyense, kaya wotchuka kaya ayi.

Koma anthu ena ankafunsa funso lomwe silinali lopanda nzeru: nanga diresi amasokera chiyani, ngati si kuvala?

Manja omwe sitiwadziwa mayina

Kuti munthu amvetse chomwe mayi uja ankafufuza m'misoko, ayenera kubwerera ku Paris.

Mu 1858 Mngelezi wina, Charles Frederick Worth, anatsegula nyumba yosokera zovala mumsewu wa rue de la Paix. Nthawi imeneyo telala ankasoka zomwe mwini nsalu walamula. Worth anatembenuza zinthu: iye ndiye ankalingalira sitayilo, n'kuionetsa pa atsikana amoyo, ndipo mayi wolemera ankangosankhapo. Anaveka Eugénie, mkazi wa mfumu Napoleon III. Anali m'gulu la oyamba kusokerera dzina lake mkati mwa chovala.

Kansalu kakang'ono ka dzinako ndi komwe lero kamasiyanitsa mtengo wa njinga ndi mtengo wa nyumba.

Pa onse omwe anabwera pambuyo pake, ine mtima wanga uli pa Madeleine Vionnet. Anayamba kuphunzira kusoka ali kamtsikana, natsegula nyumba yake mu 1912. Ankayamba ntchito pa kachidole kamtengo, kukulunga ndi kumasula nsalu mpaka itagona momwe iye akufunira.

Luso lake linali pa kadulidwe. Tengani chitenje muchikoke m'litali: sichitamuka. Chikokeni m'lifupi: chimodzimodzi. Koma chigwireni pangodya ziwiri zopingasana n'kukoka, mudzaona chikutamuka ngati mphira. Vionnet ankadula nsalu mopingasa chonchi, ndipo diresi linkatsetsereka pathupi ngati madzi, lopanda mabatani ambiri kapena zomangira m'chiuno. Madiresi a silika osalala omwe timawaona m'mafilimu a m'ma 1930 anachokera pamenepa.

Kudula kotere kumadya nsalu yambiri, ndipo telala aliyense yemwe anayesapo amadziwa kuti mpendero wake ndi wovuta. Diresi liyenera kukolekedwa kaye kuti nsalu itsike, kenako n'kudula m'munsi.

Anthu ankamubera masitayilo, choncho Vionnet anayamba kudinda chala chake pa kansalu ka dzina, monga momwe agogo amadindira polandira ndalama. Antchito ake, omwe panthawi ina anapitirira 1,000, anali ndi tchuthi cholipidwa, malo osungirako ana, dokotala ndi wamano. Nyumbayo inatsekedwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba mu 1939.

Ku Paris amayi osoka m'nyumba zimenezi amawatcha petites mains, kutanthauza timanja ting'onoting'ono. Diresi limodzi lamikanda limatha kuwatengera maola mazanamazana. Dzina lolembedwa mkati ndi la mmodzi, koma singano inadutsa m'manja ambiri.

Nsalu ya makuponi

Nkhondo inasintha zonse. Ku Britain, kuyambira pa 1 June 1941 mpaka mu March 1949, munthu sankagula chovala ndi ndalama zokha. Ankafunikanso makuponi a boma. Malamulo anachepetsa matumba, mabatani ndi mapindi oti akhale pa chovala. Zovala zambiri zanthawiyo zili ndi chizindikiro cha CC41, chomwe ogula a ku Portobello amachisaka mpaka lero.

Ngakhale mwana wa mfumu sanalambalale. Pokwatiwa pa 20 November 1947, Elizabeth anagwiritsa ntchito makuponi pa nsalu ya diresi lomwe anamusokera Norman Hartnell, ndipo boma linamuwonjezera makuponi 200. Amayi ambiri anamutumizira awo, koma anabwezedwa chifukwa lamulo silinkalola kupatsana.

Chaka chomwecho, pa 12 February, Christian Dior anaonetsa zovala zake zoyamba pa 30 avenue Montaigne ku Paris. Mapewa ozungulira, chiuno chofinyidwa, siketi yotambasuka ngati ambulera. Mkonzi wa magazini ya Harper's Bazaar, Carmel Snow, ndiye anapereka dzina lomwe linakhazikika, New Look.

Madiresi ena ankadya nsalu yokwana mamita pafupifupi 20.

Zimenezo ndi zitenje khumi pathupi la munthu mmodzi, panthawi yomwe amayi ankasoka malaya a ana kuchokera ku makatani. Ambiri anakwiya, ndipo ku America amayi ena anayambitsa magulu otsutsa masiketi ataliatali. Koma anthu anali atatopa ndi kusowa, ndipo sitayiloyo inalamulira zaka khumi, mpaka Dior anamwalira mu 1957.

Diresi la usiku la nthawi imeneyo ukalitembenuza umapeza nyumba yathunthu: timizati tolimbitsa pachifuwa, lamba wamkati wogwira m'chiuno kuti kulemera kwa siketi kusakoke mapewa, ndi mapitikoti osanjikizana. Ena amatha kuima okha pansi, mwini wake palibe.

Chidwi cha anthu pa ntchito imeneyi sichinathe. Nyumba ya Victoria and Albert Museum itaonetsa zovala za Dior mu 2019, anthu pafupifupi 595,000 anapita kukaona.

Kale chinali chamanyazi

Kwa zaka zambiri, katswiri wa mafilimu kuoneka pamwambo waukulu atavala diresi lakale kunkatanthauza kuti zinthu zamuvuta.

Zinasintha mu March 2001, pomwe Julia Roberts analandira mphoto ya Oscar atavala diresi lakuda la mizere yoyera lomwe Valentino anasoka mu 1992. Mu 2006 Reese Witherspoon analandira yake atavala la Dior la 1955. Kuchokera apo, kuvala chakale kunayamba kuoneka ngati chizindikiro cha munthu wodziwa kusankha.

Zifukwa zake n'zosavuta kumva. Diresi lakale sungakumane nalo pa mnzako paphwando. Nsalu ndi kasokedwe kake n'zovuta kuzipeza lero pamtengo womwewo. Achinyamata ambiri atopanso ndi zovala zotchipa zongovala kawiri n'kutaya. Ndiponso pa foni, chithunzi chakale chimaikidwa pambali pa chatsopano, anthu n'kumakambirana usiku wonse.

Koma chomwe chimakweza mtengo kuposa zonse ndi nkhani ya yemwe analivala.

Pa 9 November 1985, Diana, mkazi wa Prince Charles panthawiyo, anavina ndi katswiri wa mafilimu John Travolta ku White House atavala diresi la veleveti la buluu woderapo, losokedwa ndi Victor Edelstein. Mu June 1997 anagulitsa madiresi ake 79 pa okushoni ku New York, ndalama zopitirira madola 3 miliyoni n'kupita ku mabungwe othandiza odwala khansa ndi Edzi. Nzeruyo anamupatsa ndi mwana wake William. Diresi la veleveti lija linapita pa madola 222,500. Patangotha miyezi iwiri Diana anamwalira pangozi ku Paris.

Mu 2019 bungwe la Historic Royal Palaces linagula diresilo mapaundi 264,000. Palibenso yemwe adzavine nalo.

Adani a nsalu

Osunga zovala zakale akamakaniza anthu kuvala, sikuti ndi nkhanza. Amadziwa momwe nsalu imafera.

Kuwala kumafufutsa mtundu ndi kufooketsa ulusi, ndipo zikatero sizibwerera. N'chifukwa chake zipinda zoonetsera zovala zimakhala zamdima ngati kukucha kumene. Thukuta limalowerera n'kudya nsalu pang'onopang'ono, makamaka m'khwapa. Perefyumu ndi mafuta odzola zimasiya madontho omwe amatulukira patapita zaka. Njenjete zimakonda ubweya ndi silika, choncho chovala chongofika kumene amayamba achiika mufiriji yozizira kwambiri kuti mazira afe.

Nsalu zina zinabadwa ndi matenda. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1900, opanga silika ankamuviika m'mankhwala a zitsulo kuti alemere ndi kumveka bwino poyenda. Lero silika wotere amangophwanyika ngati tsamba la fodya louma, ndipo palibe singano yomwe ingamupulumutse.

Timabatani tonyezimira ta madiresi ambiri a m'ma 1920 ndi 1930 tinkapangidwa ndi zomata zophikidwa kuchokera ku mafupa ndi zikopa. Tikakhudza madzi timasungunuka. Madiresi amikanda a nthawi imeneyo ndi olemera, nsalu yake yopyapyala, moti ukawakoleka pa hang'ala amadzing'amba okha m'mapewa. Amawagoneka m'bokosi, mapepala apadera ali m'mapindi.

Apa ine ndili mbali ya osunga. Diresi la Monroe linasokedwera thupi limodzi ndi usiku umodzi, ndipo likang'ambika palibe lina. Njira ina ilipo. Mu 2023, pamwambo wa mafilimu ku Cannes, Natalie Portman anavala diresi lomwe a Dior anasoka mwatsopano potengera lotchuka la 1949 lotchedwa Junon. Lenilenilo silinakhudzidwe, ndipo osoka a lero anapeza mwayi wophunzira momwe anzawo akale ankachitira.

Komabe madiresi otere ndi ochepa kwambiri. Ambiri mwa omwe ali pa Portobello alibe mbiri ya pulezidenti kapena mfumukazi. Anasokedwa ndi telala wa m'tauni ina, kapena ndi mayi patebulo la kunyumba kwake. Amenewa akatsekeredwa m'sutikesi zaka 40 osatulutsidwa amachita nguwi. Chowasunga ndi munthu wowakonda, wowavala mosamala, wodziwa kuwayanika pamthunzi ndi kusoka pomwe payamba kumasuka.

Ngakhale kunyumba yachifumu anachitapo zimenezi. Mu July 2020, mliri wa Covid-19 uli mkati, Princess Beatrice anakwatiwa atavala diresi la agogo ake, Mfumukazi Elizabeth. Ndi la Norman Hartnell yemwe uja, ndipo mfumukaziyo inalivala mu 1962 pokaonera filimu ya Lawrence of Arabia. Analiwonjezera manja ndi kulikonza m'munsi kuti limukhale mdzukulu.

Belo likafika kwathu

Munthu wochokera ku Malawi sangayende pamsika wa Portobello osamva fungo lomwe akulidziwa.

Ndi fungo la kaunjika.

Gwero lake ndi limodzi. Zovala zomwe anthu a ku Ulaya ndi America amapereka ku mashopu a mabungwe achifundo kapena kuponya m'mabokosi a m'misewu sizigulidwa zonse komweko. Zotsala zimapita ku makampani osankha, komwe antchito amaziika m'magulu. Kumeneko kuli maso ophunzitsidwa kuzindikira zipi yachitsulo ndi dzina lakale. Zimenezo amazipatula n'kuzigulitsa kwa amalonda a vintage. Zinazo amazipanikiza m'mabelo, ulendo wa ku doko.

Ife timati kaunjika chifukwa cha mulu. Anzathu a ku Zambia amati salaula, mawu a Chibemba onena za kusankha pamulupo. Katswiri wa za chikhalidwe Karen Tranberg Hansen analemba buku lonse la malondawa mu 2000, ndipo anaonetsa kuti ogula a ku Lusaka samangotola chilichonse. Amasankha mwaluso, n'kukasintha chovala kuti chikhale chawo.

Luso limenelo lilipo ku Limbe, ku Ndirande, ndi m'misika ya Lilongwe ndi Mzuzu. Mayi wogula kaunjika amakoka msoko, amayang'ana m'khwapa, amakweza nsalu kudzuwa. Sanawerenge za Vionnet, koma chala chake chimasiyanitsa silika ndi nayiloni.

Diresi lalitali nalonso si mlendo kwathu. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa mawondo, ndipo linakhalapo mpaka nthawi yomwe dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Zithunzi za maukwati ndi madansi a zaka zimenezo zadzaza madiresi ofika m'mapazi, ambiri osokedwa ndi atelala a pakhonde pa makina opalasa ndi phazi.

Madiresi amenewo ali kuti?

Funsoli limandipweteka. Mayi anga anali nalo lawo, lofiirira, la manja otukumuka, lomwe linkakhala pansi penipeni pa sutikesi pamodzi ndi timibulu tothamangitsa njenjete. Pomwe ndinayamba kufunsa za ilo, linali litadulidwa kalekale kukhala masiketi awiri a ana. Sindiwaimba mlandu: ana ankafunika kuvala. Koma dzina la telala yemwe analisoka palibe akulikumbuka, ndipo chithunzi chomwe chinatsala sichionetsa mkati mwake.

Ku London diresi la msinkhu umenewo likanakhala pa hang'ala yokutidwa ndi nsalu, kapepala kolembapo chaka kakulendewera.

Nditabwerako ndinapita ku Limbe tsiku lotsegula mabelo. Mnyamata anadula zingwe, belo n'kufutukuka, amayi n'kuunjirira. Patapita kanthawi, mtsikana wina anasolola pansi pa mulu diresi lalitali la buluu, lolemera, lokwinyika ngati lachokera m'kamwa mwa ng'ombe. Kansalu ka dzina kanali katafufutika. Zipi yake inali yachitsulo, yam'nthiti.

Anatsutsana mtengo ndi wogulitsa, nalipira, n'kuwoloka msewu kupita kwa telala wachikulire wokhala pakhonde la sitolo. Ndinamutsatira. Diresilo linkamuthina m'chiuno, ndipo ukwati womwe ankafuna kukalivala unali Loweruka lomwelo.

Bamboyo anavala magalasi, nalitembenuza. Anakhala chete nthawi yaitali, chala chikuyenda m'misoko. Yemwe analisoka, kulikonse komwe anali, anasiya nsalu yokwana zala zitatu mbali iliyonse, yopindidwa bwinobwino, kudikira tsiku lomwe wina adzafune kulikulitsa.

Sizasi anaikankhira pambali. Anatenga lezala, nayamba kumasula ulusi umodziumodzi.